Mwana wa mlongo wanga, Mkatolika, akufuna kukwatiwa ndi wa Mormon: tiyambire pati?

Nkhoswe wa ku Chinamwali:

Moni nonse. Ndine nkhoswe wa mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 26, Mkatolika wobatizidwa ali khanda, wolandira Ukaristia ndiponso wolimbitsidwa. Mnyamata amene wamufunsira amapemphera ku mpingo uja timangouti wa Mormon, wa anyamata oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi kabaji kakuda pachifuwa. Chinkhoswe tikufuna chichitike mu Ogasiti, ukwati ukadalitsidwe ku parishi kuno ku Zomba chaka chisanathe. A kuchimuna akuti palibe chovuta chifukwa mwana wawo ndi wobatizidwa kale, ndipo pomubatiza anatchula dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Koma wina ku mphakati wathu akuti ubatizo umenewo Eklezia sauwerengera. Sindikufuna kukachita manyazi pamaso pa bambo mfumu, komanso sindikufuna kunyoza chipembedzo cha eni ake. Odziwa ndithandizeni: kusiyana kwenikweni kuli pati pakati pa iwo, ife ndi a CCAP, nanga tiyambire pati?

Katekisiti wa ku Thondwe:

Amalume, wa ku mphakati uja wanena zoona. Koma musanapite nazo kwa a kuchimuna, mufunse kaye mnyamatayo funso limodzi: asanalowe mpingo umenewo, anabatizidwapo kwina? Yankho lake ndi limene likuuzeni khomo loti mukagogode.

Eklezia amavomereza ubatizo wa mpingo wina ngati zinthu zitatu zilipo: madzi (othira pamutu kapena omiza, zonse n'zololedwa), mawu a Utatu Woyera, ndi cholinga chochita chimene Eklezia amachita pobatiza. N'chifukwa chake wa CCAP kapena wa Anglican akamalowa Chikatolika sabatizidwanso. Amaphunzira, n'kuvomera chikhulupiriro pamaso pa mpingo, kenako amalimbitsidwa ndi kulandira Ukaristia. Za a Mormon zinafunsidwa ku Rome, ndipo pa 5 Juni 2001 ofesi yoona za chiphunzitso, imene inkatsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, inayankha kuti ubatizo wawo suwerengeredwa. Papa John Paul II anavomereza yankholo.

Madzi alipo, mawunso akufanana, a kuchimuna sakunama. Chosiyana ndi amene mawuwo akumutchula. Ife pamodzi ndi a CCAP ndi a Anglican timatsata chikhulupiriro chimene chinalembedwa ku Nicaea mu 325 n'kumalizidwa ku Constantinople mu 381: Mulungu ndi mmodzi, ndipo Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ali ndi umulungu umodzi womwewo wopanda chiyambi. A Mormon amaphunzitsa kuti atatuwa ndi osiyana, aliyense payekha, amodzi pa cholinga ndi pa chifuniro, komanso kuti Atate ali ndi thupi la mnofu ndi mafupa. Ndiye Eklezia anaona kuti pansi pa mawu ofananawo pali chikhulupiriro china.

Ngati mnyamatayo sanabatizidwepo kwina kulikonse, malamulo a Eklezia amamutenga ngati munthu wosabatizidwa. Pamenepo pali chotchinga, chimene chili pa lamulo 1086, ndipo wochichotsa ndi Ambuye Episkopi kapena amene iwo anamupatsa mphamvuyo. Bambo mfumu amalemba pempho, inu simupita nokha ku dayosizi. Ukwati womangidwa chotchingacho chisanachotsedwe ndi wosamangika pamaso pa Eklezia, ngakhale anthu atavina mpaka m'bandakucha. Chikachotsedwa ukwati umamangidwa bwinobwino m'tchalitchi, koma wopanda Misa: mawu a Mulungu, malumbiro, mphete ndi madalitso. Ndi ukwati weniweni wosayenera kuuseweretsa, ngakhale sutchedwa sakramenti, pakuti sakramenti la ukwati limafuna kuti onse awiri akhale obatizidwa. Mtsikanayo amapitiriza kulandira Ukaristia.

Ngati anabatizidwa ali mwana ku CCAP kapena ku Anglican, ubatizo woyambawo ndi umene Eklezia amauona, wachiwiriwo sufufuta chilichonse. Zikatero ndi ukwati wa Mkatolika ndi Mkhristu wa mpingo wina, lamulo 1124, ndipo chimafunika ndi chilolezo cha Episkopi basi.

Njira zonse ziwirizi zili ndi malonjezo ofanana, a pa lamulo 1125. Mtsikanayo amanena kuti adzateteza chikhulupiriro chake, n'kulonjeza kuti adzachita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Chikatolika. Mnyamatayo salonjeza zimenezo, koma ayenera kuuzidwa momveka nthawi ilipo kuti mnzake walonjeza chiyani. Onse awiri amalowa maphunziro a banja. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti amayamba ndi kulipira holo ndi kusindikiza makadi, ku parishi n'kupitako kwatsala milungu itatu, pamene maphunziro, kulengeza m'tchalitchi ndi kalata yopita kwa Episkopi zonse zikufuna nthawi yake. Pitani kwa bambo mfumu kudakali miyezi isanu ndi umodzi, mutanyamula kadi ya ubatizo ya mtsikanayo, ndipo tsiku mulitchule mukatuluka mu ofesi yawo.

Mayi wa ku Matawale:

Pepani kulowerera. Kodi amenewa si aja amakwatira mitala? Nanga si amodzi ndi a Mboni za Yehova? Onse amayenda khomo ndi khomo, ine sindiwasiyanitsa.

Mbale wa Oyera Mtima:

Ayi mayi, ndife mipingo iwiri yosiyana kotheratu, tingofanana kugogoda pakhomo. Za mitala zinalikodi m'zaka zoyambirira, koma mtsogoleri wa mpingo Wilford Woodruff analengeza kuti zithe mu 1890, ndipo lero wokwatira mitala amachotsedwa mu mpingo. Wamitala sabatizidwa n'komwe. Pamenepa amalume mtima ukhale pansi.

Dzina lathu ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza. Mormon ndi dzina la mneneri amene analemba mbali yaikulu ya buku lathu lina, ndipo kuyambira 2018 atsogoleri amapempha kuti anthu azitchula dzina lenilenilo. Zimene a katekisiti anena za Atate ndi Mwana ndi momwedi timaphunzitsira, sindikutsutsa. Ife timadzitcha Akhristu chifukwa timakhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, anafera machimo athu, anauka, ndipo palibe chipulumutso kwina. Koma ndinene chilungamo kuti nkhani ya ubatizo ili mbali zonse: nafenso sitiwerengera ubatizo wa Akatolika kapena wa CCAP. Timaphunzitsa kuti atumwi atamwalira ulamuliro wa unsembe unachoka pa dziko, n'kubwezeretsedwa mu 1829 kwa Joseph Smith ndi Oliver Cowdery kudzera mwa Yohane Mbatizi, kenako Petro, Yakobo ndi Yohane. Mpingo unakhazikitsidwa pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York ku America. Akatolika amati ulamulirowo sunaduke kuchokera kwa Petro kufika kwa Papa wa lero. Apa ndi pamene njira zinapatukira, zina zonse zimatsatira pamenepa.

Mabuku athu opatulika ndi anayi: Baibulo, Buku la Mormon limene linasindikizidwa mu 1830, Chiphunzitso ndi Mapangano, ndi Ngale ya Mtengo Wapatali.

Amalume, zimene mwana wanu adzakumane nazo m'nyumba ndi izi. Mwamuna wake sadzamwa mowa, sadzasuta, sadzamwa khofi, ngakhalenso tiyi wa masamba uyu wa ku Thyolo ndi Mulanje. Lamuloli ndi la mu 1833, timalitcha Mawu a Nzeru. Akadzafika kwa apongozi m'mawa, mbatata yootcha adzadya koma kapu ya tiyi adzaikankhira pambali, ndiye achenjezeni anthu asadzayese mwano. Chakhumi ndi chakhumi ndithu: wolandira K300,000 pa mwezi amapereka K30,000. Lamulungu loyamba la mwezi timasala zakudya ziwiri zotsatizana, ndalama imene tikanadyerayo n'kuipereka kuti ithandize osowa. Mtsikanayo adziwiretu zimenezi asanayambe kuwerengera limodzi za lendi ndi feteleza. Mapemphero a Lamulungu ndi a maola awiri, ndipo mgonero timalandira sabata iliyonse, wa mkate ndi madzi. Pemphero lodalitsira limanenedwa liwu ndi liwu, wodalitsayo akaphonya amabwereza. Mtanda simudzauona pa nyumba zathu zopemphereramo.

Chachikulu ndi ana. Khanda sitilibatiza, timangolidalitsa ndi kulipatsa dzina pamaso pa mpingo. Ubatizo ndi pa zaka 8, womiza thupi lonse, atavala zoyera, pali mboni ziwiri, ndipo ngati phazi kapena nsonga ya chovala yatsalira pamwamba pa madzi, amabwereza. Buku la Mormon, pa Moroni mutu 8, limakana poyera ubatizo wa makanda. Ndiye lonjezo limene a katekisiti atchula lija likugundana maso ndi maso ndi chimene mnyamatayo amakhulupirira, ngati ali wolimbikira. Asanamizane kuti tidzaona mwana akabadwa.

Chinanso: kwa ife ukwati wapamwamba ndi womangidwa m'kachisi, umene timakhulupirira kuti sutha ndi imfa. Kachisi ndi wosiyana ndi nyumba yopemphereramo ya Lamulungu, ndipo wa ku Johannesburg, wotsegulidwa mu 1985, ndi amene kwa zaka zambiri watumikira dera lathu lino. Kuti awiri amangidwe kumeneko, onse ayenera kukhala a mu mpingo ndi kukhala ndi kalata yowavomereza, ndipo wolowa kumene amadikira chaka chathunthu. Mnyamata wokwatira Mkatolika sachotsedwa mu mpingo, koma ukwati wa m'kachisiwo sangaupeze mkazi wake akadali Mkatolika. Ngati mumtima akuyembekeza kuti mkaziyo adzalowa pambuyo pake, anene lero, ankhoswe amve.

Mkulu wa mpingo, CCAP:

Zikomo mbale, mwalankhula mosabisa. Ndithandizeko mayi a ku Matawale, pakuti kusakaniza mipingo kumeneku n'kofala. A Mboni za Yehova sakhulupirira Utatu, amati Yesu analengedwa, salandira magazi, ndipo kuno analetsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993. A Seventh Day, amene mishoni yawo yakale ili ku Malamulo ku Thyolo, amakhulupirira Utatu monga ife, kungoti amapembedza Loweruka, sabatiza makanda, amabatiza pomiza ndipo sadya nkhumba. Mipingo itatu, ziphunzitso zitatu.

Palinso maudindo amene amasokoneza. Mnyamata wa zaka 19 wa kabaji uja amatchedwa mkulu, pamene kwathu mkulu wa mpingo ndi munthu wosankhidwa ndi mpingo n'kudzozedwa, wokhala m'seshoni pamodzi ndi abusa. Bishopu wawo amayang'anira mpingo wa pamalo amodzi, ali ndi ntchito yake ina ndipo salandira malipiro. Episkopi wa Akatolika amayang'anira dayosizi yonse ya Zomba. Amalume, a kuchimuna akadzati bishopu wavomera, mufunse kuti bishopu wake uti.

Ife a CCAP pa nkhani ya Mulungu tili pamodzi ndi Akatolika, Chikhulupiriro cha Atumwi timanena chomwecho, makanda a Akhristu timawabatiza. Posiyana pathu ndi pena. Masakramenti tili nawo awiri, ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye, iwo asanu ndi awiri. Pa Mgonero, Akatolika amati mkate ndi vinyo zimasandukadi thupi ndi magazi a Khristu. Ife timati Khristu timamulandira mwauzimu mwa chikhulupiriro, mkate ukhalabe mkate. Sitipempha kudzera mwa Maria kapena oyera mtima, sitiphunzitsa za puligatoriyo, sitili pansi pa Papa, ndipo timati munthu amayesedwa wolungama mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro. Baibulo lathu lili ndi mabuku 66, lawo 73, chifukwa m'Chipangano Chakale ali ndi ena asanu ndi awiri monga Tobiti, Yuditi, Baruki ndi awiri a Amakabeo. Mukayika pa tebulo Buku Lopatulika la 1922 ndi Malembo Oyera la Akatolika la 1966 mudzaona kusiyanako. Buku Loyera la 1998 tinamasulira limodzi, chimene chikuonetsa kuti tsinde lathu ndi limodzi ngakhale nthambi zinapatukana. Pa buku lina loonjezera pa Baibulo, ife timakana, chifukwa timati Malembo ndi okwanira.

Mbale wa Oyera Mtima sanatchule za akufa. Iwo amabatiza amoyo m'malo mwa makolo amene anamwalira, m'kachisi, potengera 1 Akorinto 15:29. Ife ndi Akatolika ndimeyo sitiitenga ngati lamulo. Zikukukhudzani chifukwa mkamwini wanu angadzayambe kufunsa mayina a agogo ndi zaka zimene anabadwa ndi kumwalira.

Mbale wa Oyera Mtima:

N'zoona bambo. Ndingowonjezera kuti timaphunzitsa kuti womwalirayo ali ndi ufulu wolandira kapena kukana ubatizowo, ndipo salembedwa m'kaundula wa mamembala. Kwa munthu amene anabadwa m'zaka 110 zapitazi, lamulo lathu ndi lakuti wachibale wapafupi kwambiri avomere kaye. Mkamwini sangangotenga dzina la apongozi ake mwakachetechete.

Nkhoswe wa ku Chinamwali:

Zikomo nonse, maso atseguka. Ndafunsa a kuchimuna. Akuti mnyamatayo anabatizidwa ali khanda ku CCAP cha ku Domasi, uku analowa ali kale ku koleji. Koma kadi yake inasowa kalekale. Nanga apa zitani? Komanso iwo akufuna kuti tikachoka ku parishi tikadalitsenso kwawo tsiku lomwelo kuti mbali zonse zikondwe.

Katekisiti wa ku Thondwe:

Ndiye kuti muli pa njira yachiwiri ija, yofuna chilolezo, ndipo popeza onse awiri ndi obatizidwa ukwati wawo udzakhala sakramenti. Koma bambo mfumu sangangomva pakamwa. Mnyamatayo apite ku mpingo umene anabatizidwira, akaonane ndi abusa kapena mlembi wa seshoni, atatenga dzina lake lonse monga linalili nthawi imeneyo, mayina a makolo, mudzi, ndi chaka chimene akuganizira. Dzina ndi limene limavutitsa: ambiri analembedwa ndi dzina la bambo lina, kapena la ubwana limene anasiya atayamba sukulu, ndiye mlembi amatsegula kaundula osamupeza. Akamupeza, apemphe kalata yosainidwa ndi yodindidwa. Ngati kaundulayo anadyedwa ndi chiswe kapena ananyowa, lamulo 876 limalola umboni wa munthu mmodzi wodalirika amene analipo, monga mayi ake kapena mkulu wa mpingo wa nthawi imeneyo. Umboni ukasoweratu, bambo mfumu amadziwa chopempha kwa Episkopi kuti ukwati usakhale ndi chikaiko, ndiye muwauze zonse, kuphatikizapo za ubatizo wachiwiri ndi kumene mnyamatayo akupemphera panopa. Kubisa zimenezo kuti zinthu zifulumire ndi kumene kumadzabweretsa milandu patsogolo.

Ngakhale zili choncho, musayembekezere Misa ya ukwati. Mwambo wokhazikika pa ukwati wotere ndi wopanda Misa, pokhapokha Episkopi ataloleza. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kutero, pakuti pa Misa mkwatibwi adzaimirira kukalandira Ukaristia, mkamwini ndi abale ake onse n'kutsala pa benchi tsiku lawo lomwe. Mtsikanayonso akadzapita kukacheza ku mapemphero a mwamuna wake, mbale ya mkate ndi timakapu ta madzi zikamadutsa, iye angopatsira wotsatira.

Za kudalitsa kawiri, lamulo 1127 likuletsa kuti pakhale mwambo wina wachipembedzo wopereka kapena kubwereza malumbiro a ukwati womwewo, kaya usanachitike wa ku parishi kaya utachitika. Likuletsanso kuti wansembe ndi mtsogoleri wa mpingo winawo afunse malumbiro onse pamodzi, aliyense mwa mwambo wake. Malumbiro ndi kamodzi, pamaso pa wansembe kapena dikoni ndi mboni ziwiri. Chimene mungawapatse a kuchimuna ndi ichi: mtsogoleri wawo abwere ku tchalitchi ngati mlendo wolemekezeka, ndipo ku madyerero apatsidwe mpata wopemphera ndi kulangiza ana awiriwo. Mukamakonza za madyererowo mukumbukire kuti mbali yawo mowa ndi tiyi sakhudza, ndiye thobwa losasasa ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi zikhalepo zokwanira.

Pa tsiku la chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse muli pomwepo, awiriwo anene ndi pakamwa pawo: mwana woyamba akabadwa adzabatizidwa m'masabata oyambirira monga lamulo 867 likunenera, kapena adzadikira zaka 8? Lamulungu m'mawa ana adzatsatira ndani? Chakhumi chidzachokera pa malipiro a mwamuna yekha kapena pa ndalama za nyumba yonse? Mayankhowo muwalembe m'kope la ankhoswe, ndipo mukapita ku parishi mulitenge.